Che Binali ndi Mabaiti Awiri

Amuna anga, Che Binali Suwedi, anali munthu waukali, sindibisa. Anthu a ku Hillbrow, ku Joni, amene amawakumbuka amangoti, "Aja a chikepe aja," n'kuseka pang'ono. Kuseka kumeneko kumandinyansa, chifukwa osekawo sadziwa chimene chinachitika. Ine Zuwena ndinali pakati pa nkhaniyo, mwamuna uku, mlongo wanga uko, ndiye woinena ndine.

Kwawo ndi ku Ntaja, ku Machinga. Anabwera ku Joni ndi Wenela mu 1973, atandisiya ndi pakati pa mwana wathu Hajara. Chaka chotsatira ndege ya Wenela inagwa, boma la kwathu n'kuitanitsa anthu ake. Anzawo anabwerera, iwo anakana. Anati sanadzere ku Joni kudzaona mdima wa pansi pa nthaka n'kubwerera ndi bulangete. Kumgodi anali atayamba kunyamulira zida amisiri a magetsi, ndipo mtima wawo unali utakodwa m'mawaya.

Anazembera m'tauni, n'kudzapeza ntchito ku Jeppestown, pa kashopu ka Mpwitikizi wina dzina lake Alimeda, amene anathawa ku Mozambiki. Ntchito ya pamenepo inali kukonza zikepe za nyumba zosanja. Pa chitupa Alimeda anawalembetsa kuti ndi wosesa, pakuti Mnyasa wakuda sakanalembedwa dzina lina la ntchito popanda mafunso ambiri. Tsache analigwira mwina sabata yoyamba yokha.

Masiku amenewo zikepe zinkayendetsedwa ndi timaswichi tambirimbiri togogoda tokha, todzaza kabati yonse. Tikatha, tolowa m'malo tinkavuta kupeza. Ndiye Alimeda analemba injiniya wina wachizungu kuti apange bolodi yokhala ndi nzeru zake, kakompyuta kopanda galasi, kopanda potayipira, kongokhala m'kabati n'kumalamula chikepe kuti ima apa, tsegula chitseko, tsika. Che Binali ankawotcherera timawaya pa bolodiyo, koma maso ali pa zimene mzunguyo ankalemba. Ankafunsa mpaka kutopetsa. Analembetsanso sukulu ya pa positi. Mu 1983 mzunguyo anasamukira ku Australia, pulogalamu ya zikepe n'kutsala m'manja mwawo. Anaiwonjezera, anaikonza, mpaka ya mzungu ija inatsalamo pang'ono chabe.

Musaganize kuti anali munthu wodzichepetsa. Ayi ndithu. Ine ndinawatsatira mu 1981, Hajara nditamusiya kwa amayi anga. Ndinayamba ndi ntchito ya m'khichini, kenako ndinagula makina osokera. Mu 1986 tinapeza fulati ku Hillbrow, m'mwamba ndithu, yolembedwa m'dzina la Mmwenye wina, ndipo chikepe cha nyumba yathuyo chinali cha pulogalamu yawo. Munthu aliyense wokwera nawo ankaimva nkhani.

"Mwamva mmene chaimira?" ankatero. "Ngakhale madzi m'kapu sangagwedezeke. Ndine ameneyo."

Ndinkawatsina kuti akhale chete, iwo n'kukweza mawu. Ndinkawamvetsa. Munthu amene chitupa chikumutcha wosesa, akapanda kudzitchula yekha, amutchula ndani?

Mlongo wanga Ajibu ndi wamng'ono kwa ine. Anamaliza zamagetsi ku Poly ku Blantyre, koma ntchito osaipeza. Ndine ndinachonderera amuna anga kuti amuitanitse. Anabwera mu 1987, n'kumagona pabalaza pathu, ndipo Che Binali anamutengera okha kwa Alimeda. Miyezi yoyamba ankapitira limodzi, kubwerera limodzi, alamu uku alamu uko, mpaka ine kumachita nsanje.

Zinasokonekera pa tchipi. Tchipi ndi kanthu kakuda kamiyendomiyendo, kakang'ono ngati chala, komwe ndiko kamaganiza pa bolodi. Mabolodi onse akale anali ndi tchipi za Motorola. Mayiko akunja atayamba kumana dziko lino katundu chifukwa cha tsankho, tchipi zimenezo zinayamba kusowa. Alimeda anapeza bokosi lalikulu la tchipi zina, zotengera mtundu wa Intel, n'kunena kuti mabolodi atsopano onse akhale a zimenezo.

Lamulungu lina masana ndikusoka diresi la munthu, awiriwa anayamba kukwezerana mawu pabalaza. Ndinaimitsa makina.

"Kodi mukulimbirana chiyani?"

Che Binali anatola timawilo tiwiri ta ulusi pa tebulo langa, kofiira ndi koyera.

"Mayi a Hajara, taonani. M'kati mwa tchipi muli timabokosi tosungira manambala. Kabokosi kamodzi timakatcha baiti, ndipo sikanyamula nambala yopitirira 255. Nambala ikakula, monga ya pamene chikepe chafika, imafuna mabaiti awiri. Kofiiraka kanyamula mbali yaikulu ya nambala, koyeraka mbali yaing'ono. Tsono bolodi ikamatumiza nambala kwa inzake, pa waya sizidutsa limodzi. Ina itsogole. Tchipi zakale zimatsogoza yaikulu. Zatsopanozi zimatsogoza yaing'ono. Wotumiza ndi wolandira akasiyana, uyu wanena 25, mnzake wamva 52."

"Nanga cholondola n'chiti?"

Anayankhira limodzi, aliyense lake.

"Yaikulu patsogolo," anatero amuna anga. "Mabolodi akale ali m'nyumba zonse, Hillbrow, Berea, mpaka ku Joubert Park. Onse amalankhula choncho. Mlendo ndiye amaphunzira chilankhulo cha eni mudzi. Tchipi yatsopano izitembenuza yokha isanatumize ndiponso ikalandira. Basi."

"Alamu, pepani," anatero Ajibu, "koma potembenuza paliponse ndi poiwalira. Lero mukumbuka inuyo, mawa wina aiwala pamodzi pokha, chikepe n'kupenga. Komanso malo m'tchipi ndi ochepa, sitingamawawononge ndi zotembenuza. Tchipi zakale sizibweranso. Tisinthe zonse kamodzi, yaing'ono patsogolo, tizungulire nyumba zonse n'kuwotcha mapulogalamu atsopano."

Kuwotcha ndiwo mawu awo a kulowetsa pulogalamu m'tchipi.

"Kuzungulira nyumba zonse! Ndi miyendo ya ndani? Ndipo mukadumpha bolodi imodzi? Munthu akamawerenga nambala amayambira chachikulu, alamu. Ndikaika chida pa waya ndimafuna ndione nambala yoima bwino, osati yozondoka ngati mleme."

"Nanga powonkhetsa mumayambira kuti? Si ku chaching'ono? Ngakhale ku madrasa tinkawerenga kuchokera kudzanja lamanja. Mukapeza nambala pa tsamba la Chiarabu, diso limayamba lagunda chaching'ono."

"Iwe, usandilowetsere za madrasa m'mawaya! Pulogalamu imeneyi ndailera ine, iwe uli pa benchi ku Poly!"

Aka kanali koyamba kumutchula mlamu wawo kuti iwe. Ajibu anatenga jekete n'kutuluka.

Ine si wa mawaya, koma ndinamva ndithu, ndipo onse awiri anadzandivomereza pambuyo pake, aliyense payekha, kuti njira zonse ziwiri zikanayenda. Palibe imene inali yabodza. Chofunika chinali kusankha imodzi, onse n'kuitsata. Wosankha anali mwini shopu. Apa ndi pamene mtima wanga umatentha mpaka lero.

Alimeda anakulira ku Tete, ndipo ankalankhula Chinyanja chopindika. Zamkati mwa tchipi sankazidziwa, ndipo phokoso ankadana nalo. Che Binali atamulowera mu ofesi n'kufotokoza zawo, anati, "Chita, Binali, chita. Iwe ndiwe mkulu pano." Tsiku lina Ajibu atalowa n'kufotokoza zake, anati, "Chita, mwana, chita. Iwe ndiwe wa sukulu." Sanauze uyu za uyo. Anangogawa ntchito kuti asamakumane. Ajibu anamupatsa mabolodi aakulu atsopano a m'chipinda cha injini, pamwamba pa denga. Che Binali anawasiyira timabolodi takale ta m'kati mwa chikepe, kuseri kwa mabatani. Aliyense ankayenda mutu uli m'mwamba, akudziwa kuti wapambana ndi iye. Kunyumba ankadyera mbale imodzi, koma za ntchito osazitchula, kuopa kudzutsa mkangano. Inenso ndinkati mtendere wabwera.

Bolodi yaikulu ya nyumba yathu itapsa, Ajibu anaikamo yatsopano. Anasinthanso pulogalamu ya kabolodi koyeza pamene chikepe chafika, kuti zigwirizane. Anachiyesa kukwera ndi kutsika, chinayenda bwino. Kabolodi ka mabatani sanakakhudze, pakuti batani limatumiza nambala yaing'ono yokwana m'baiti imodzi, ndipo baiti imodzi ilibe kutsogolo kapena kumbuyo. Chimene sankadziwa n'chakuti m'kabolodi komweko munali uthenga wina umodzi wa mabaiti awiri. Kalekale woyang'anira nyumbayo anapempha kiyi yoti akaipotokola, chikepe chizitsika mpaka pansi penipeni poimika magalimoto, osaima panjira, pofuna kutsitsa katundu. Che Binali anamupangira, osauza munthu. Kiyiyo inkagwira ntchito mwa apo ndi apo. Iwo ankadziwa kuti padenga pali bolodi yatsopano, koma ankati imatembenuza monga anagwirizana ndi Alimeda.

Pamwamba pathu pankakhala Che Maliki, mkulu wa ku Mangochi wokonza mawotchi, pamodzi ndi mwana wawo Sidi. Anadwala nthawi yaitali, n'kumwalira Lachisanu lina m'mawa, mu February 1988, tsiku la dzuwa loswa mtengo. Dokotala anabwera n'kulemba zake. Galimoto ya ku mzikiti inafika n'kuima pansi. Anthu anati kufa Lachisanu ndi mwayi, akasambitsidwe msanga, aswaliridwe ikatha Juma, pemphero la Lachisanu masana, aikidwe tsiku lomwelo.

Sidi ndi amuna ena anawakulunga m'bulangete n'kulowa nawo m'chikepe, atawatsamiritsa chifukwa cha kuchepa kwa malo. Woyang'anira nyumba, Mzulu wina wachifundo, anati maliro asamaimeime panjira anthu n'kumasuzumira. Anapotokola kiyi ija n'kutuluka. Chitseko chinatsekeka. Ife amayi tinali pa khonde. Tinamva chikepe chikuyamba kutsika, kenako phokoso la mabuleki, gu! Kenako zii.

Kiyi inali itatumiza nambala yaikulu patsogolo. Bolodi ya padenga inaiwerenga chozondoka, n'kupeza kuti ikuuzidwa kupita kumalo kumene kulibe. Inamanga mabuleki n'kukana kumvera batani lililonse. Chikepe chinaima pakati pa nsanja ziwiri, khoma kutsogolo.

Sidi anayamba kumenya chitseko. Woyang'anira anathamangira ku foni. Kushopu anati bwana watuluka kukadya. Ataimbanso, Alimeda anati, "Ndikutumiza munthu, ndikutumiza." Che Binali anali ku ntchito cha ku Pretoria, Ajibu ku Germiston, ndipo Alimeda sanafune kuwachotsa pa ntchito za azungu chifukwa cha Anyasa a ku Hillbrow. Iye mwini ankadziwa kumasula mabuleki ndi manja. Galimoto anali nayo. Kuchokera kushopu ku Jeppe kufika kwathu si ulendo. Sanabwere.

Nthawi ya Juma inakwana n'kudutsa. Galimoto ya ku mzikiti inadikira mpaka inachoka. M'chikepemo munkatentha ngati m'ng'anjo. Mawu a Sidi anasiya kukalipa, anayamba kupempha madzi, ndipo ife tinalibe powapatsira. Kenako tinangomva akuwerenga dua, mapemphero athu, motsitsa. Ine ndinagwada n'kuika pakamwa pa mng'alu wa chitseko kumulimbikitsa. Mayi wina kumbuyo kwanga anati, "Kodi chikepechi si cha amuna anu?" Sindinatembenuke.

Che Binali anafika dzuwa litapendeka, atamva nkhani pa geti. Anakwera masitepe onse chothamanga mpaka padenga. Iwo ndi woyang'anira anamasula mabuleki n'kupukusa gudumu ndi manja, pang'onopang'ono, mpaka chikepe chinafika pa khomo. Anatsika kudzatsegula okha. Amuna aja anatuluka atanyowa ngati agwa m'madzi, wina anangokhala pansi pomwepo. Sidi anatuluka pomaliza, mutu wa bambo ake uli paphewa pake. Anawayang'ana amuna anga.

"Che Binali, munkati chikepe chanu sichigwedeza madzi m'kapu. Zoona. Sichinagwedeze. Bambo anga agona bwino tsiku lonse."

Malirowo anawatsitsa pa masitepe. Che Maliki anaikidwa Loweruka.

Pochokera kumanda, amuna anga sanalowe m'nyumba. Anakwera padenga ndi chida chawo. Pobwera anakankha chitseko mpaka chinagunda khoma. Ajibu anali pabalaza.

"Wazondotsa! Bolodi yako siitembenuza! Ndani anakulola?"

"Bwana anandilola. Nanga inu uthenga wa kiyi munauza ndani? Ndikanalota?"

"Bwana anavomera zanga!"

"Anavomera zanga, alamu. Ndinalowa mu ofesi ndekha."

Anayang'anana. Ine ndinati tsopano azindikira mdani wawo, agwirana manja. Koma ukali ukafika pakhosi sufunsa njira. Che Binali ananyamula sutikesi ya Ajibu n'kuiponya pa khonde. Ndinaima pakati.

"Bambo a Hajara, ameneyu ndi mlongo wanga!"

"Mutsateni!"

Ajibu anatola zovala zake pamaso pa anthu a pa khonde n'kupita kukakhala kwa mnzake ku Jeppe.

Mwini nyumba anadandaula, ndipo kushopu kunabwera mzungu woyendera zikepe. Zimene zinachitika kumeneko ndinazimva kwa onse awiri, ndipo sizisiyana. Mzunguyo anafunsa kuti pulogalamu analemba ndani. Alimeda anati inalembedwa ndi injiniya wa mapepala ake amene tsopano ali ku Australia, ndipo sinavutepo. Anati vuto ndi wosesa wake uyu, amene amakonda kugwiragwira zinthu zosamukhudza, ndipo anakalowa m'kabolodi popanda chilolezo. Anatero akuwaloza ndi chala, munthu amene luso lake linamudyetsa Alimedayo zaka zonsezo.

Che Binali anaphulika. Anakalipa m'Chingerezi, chitawathera analowa Fanakalo ya kumgodi, n'kumalizira Chiyao. Anati pulogalamu yonse ndi yawo, mzere uliwonse, ndipo amene anavomera zinthu ziwiri zotsutsana ndi Alimeda. Woyendera uja anati, "Ngati unalemba ndiwe, ndiye mlandu wako wakula." Iwo anati ukule. Kenako mzunguyo anatembenukira kwa Ajibu n'kumufunsa ngati akudziwapo kanthu.

Ajibu anayang'ana pansi. Anati iye ndi watsopano.

Tsiku lomwelo amuna anga anachotsedwa ntchito. Alimeda anawauza kuti athokoze kuti sanawaitanire apolisi. Sabata yotsatira anauza Ajibu kuti asinthe mabolodi onse, yaing'ono patsogolo. Mawu amodzi omwewo, amene akanawanena kale, anawanena munthu atagona m'chikepe tsiku lathunthu ndipo banja langa litang'ambika. Ajibu anazungulira nyumba zonse yekha, ndipo zikepe zinayenda. Amuna anga atamva kuti zikuyenda, ukali unawonjezeka.

Kuyambira pamenepo sanakwerenso chikepe cha nyumba yathu. Ankakwera masitepe, m'mawa ndi madzulo, ngakhale atanyamula thumba la ufa. Kumzikiti anasamukira wina wa kutali kuti asamakumane ndi Sidi. Ntchito ya mapulogalamu sanaipezenso. Akapita kukafunsa, ankawauza kuti aonetse pepala, ndipo pepala lawo linkati wosesa. Anapeza ya kwa kontilakita wina ku Midrand, kumene azungu ankamanga nyumba za mipanda, yoika mainjini a mageti. Theka la ntchitoyo linali kukumba ngalande za mawaya ndi piki. Ankabwera fumbi lili m'tsitsi, n'kupeza chifukwa pa chilichonse, tiyi wazizira, wailesi ya oyandikana nawo, tekisi yodzaza. Ine ndinkayankha. Sindine mkazi wongomeza. Ndinawauza kuti Alimeda akugona tulo tabwino, pamene ife tikudyana tokha ngati agalu a m'khola limodzi. Anati dzina la mlongo wanga lisamveke m'nyumba mwawo. Ndinati nyumba imeneyi lendi yake imatulukanso m'makina anga, dzina la mlongo wanga lizimveka. Ndinkapita kukamuona Ajibu poyera, osabisa, ndipo nayenso ndinkamukalipira.

"Unakhaliranji chete pamaso pa woyendera uja?"

"Achemwali, simungamvetse."

"Ndimvetse chiyani? Munthu anakutenga pa dzanja."

Ankangosintha nkhani.

Mu 1992 nkhondo ya m'mahositelo inafika pa Jeppe, anthu kumaphedwa m'masitima ndi m'misewu. Alimeda anatseka shopu n'kupita ku Portugal, osatsanzika wantchito aliyense. Ajibu anafika m'mawa n'kupeza loko wachilendo pa chitseko. Anadzapeza ntchito ina ku kampani yoika mabelu ochenjeza za akuba. Zikepe za ku Hillbrow zinayamba kufa chimodzichimodzi, eni nyumba osafuna kuzikonza, ndipo chathu chinafa nawo. Nyumba yonse inayamba kukwera masitepe pamodzi ndi Che Binali. Sanakondwere nazo. Ankadutsa pa chitseko cha chikepe chakufacho n'kutukwana.

Hajara anali atabwera kudzakhala nafe, ndipo mu 1993 anapeza mwamuna, mnyamata wa ku Namwera wogulitsa nsapato. Kwathu ukwati wa mwana wamkazi suyenda popanda malume ake. A kuchimuna anafunsa kuti mwini mbumba ali kuti. Che Binali anati apeza munthu wina woimira. Ndinawauza kuti mwana wanga sakwatiwa ngati wotoledwa pa msewu mlongo wanga ali moyo, ali m'tauni yomweyi. Ndinamuitana Ajibu Loweruka masana osawapempha.

Analowa akupuma movutika chifukwa cha masitepe. Anapereka salamu. Amuna anga anayankha, pakuti salamu sikanidwa, koma maso ali pa zenera. Ndinawaikira tiyi n'kukhala pomwepo.

"Za ukwati tikambirana," anatero Che Binali. "Koma ndiyambe ndamva chinthu chimodzi. Za mabaiti ndinazisiya. Njira yanu inayenda, yanganso ikanayenda. Ndikufunsa za tsiku lija. Mzungu anakufunsani. Munati ndinu watsopano."

"Chitupa changa chinali chogula, alamu. Inu mukudziwa, munandipezera ndinu. Akanangochiyang'ana kawiri, ndikanagona m'chitokosi n'kukatayidwa pa malire. Ndinaopa. Ndilibe mawu ena."

"Inenso ndinali ndi choopa. Ndinalankhula."

"Munalankhula, inde!" Ajibu anaimirira, ndipo aka kanali koyamba kumuona akuwakwezera mawu chotere. "Inu mumalankhula nthawi zonse! Munauza Hillbrow yense kuti chikepe ndi chanu, koma mnzanu wa pa ntchito simunamuuze za kiyi. Ndikafunsa kanthu munkati ndikaphunzire ku Poly. Mukuganiza kuti Che Maliki ine sindiwalota? Ndinazungulira nyumba zonse zija ndekha, kufufuza mzere uliwonse umene munabisa, mtima uli m'mwamba kuti mwina mwatsala wina. Anthu ankandilavulira kumbuyo kuti ndinadya mlamu wanga. Ndipo amene anatipusitsa tonse ali ku Portugal akuwothera dzuwa!"

"Khalani pansi m'nyumba mwanga."

"Ndikhala chifukwa cha Hajara."

Anakhala. Tiyi anazizira osamwedwa. Kenako anayamba kukambirana za ukwati, mawu ouma, ngati anthu ogulitsana mbuzi. Panalibe wopepesa. Ndinadikira kuti mwina wina atambasule dzanja, koma sizinachitike, ndipo ndinatola makapu mokwiya mpaka imodzi inasweka.

Ukwati unachitika. Ajibu anaimira mbumba yake bwino lomwe. Sidi anabwera, anadya, anadalitsa ana, koma amuna anga anangopatsana naye salamu basi.

Kumapeto kwa chaka chomwecho maondo a Che Binali anakaniratu. Piki sakanaigwiranso. Anati akupita ku Ntaja, Joni wawakwana. Ine ndinati nditsala ndisoke kaye, mwana ali ndi pakati. Katundu wawo anali wambiri, ndipo munthu wa galimoto amene tinkamudziwa anali mmodzi yekha. Ajibu anabwera ndi kagalimoto kake kakale, anatsitsa mabokosi pa masitepe, n'kutitengera kokwerera basi.

Katundu atakwezedwa, amuna anga ananditsanzika, anatsanzika Hajara. Anafika pa Ajibu n'kuima.

"Alamu," anatero, "galimoto yanuyi mawaya a magetsi akutsogolo anamanga ndani?"

"Ndinamanga ndekha."

"Zikuoneka. Mukayatsa chokhotera, nyali ya mafuta ikuphethira. Mukonze isanapse."

Anakwera basi movutikira, atagwira chitsulo ndi manja awiri, n'kukakhala mbali ya uko kumene sitikanawaona. Pobwerera Ajibu anayatsa chokhotera pa mphambano yoyamba, anayang'ana nyali ija ikuphethira, n'kumenya chiwongolero ndi chibakera.